Tseka Pakamwa, Mulowa Ntchentche

Ndili Fomu 2 ndinachita manyazi chifukwa cha liwu la zilembo zisanu. Aphunzitsi a Chingelezi anatipatsa kankhani koti tiwerenge, ka bambo wina amene anatsegula chitseko n'kupeza zimene sankayembekeza. Wolemba anati bamboyo anangoima pakhomo, pakamwa pake pali "agape". Aphunzitsi anafunsa ngati alipo wodziwa tanthauzo lake, ndipo dzanja langa linali m'mwamba asanamalize n'komwe funsolo. Ndine mwana wa mkulu wa mpingo. Liwulo ndinali nditalimva paguwa kambirimbiri, abusa akusiyanitsa chikondi cha pachibale, chikondi cha mwamuna ndi mkazi, ndi chikondi cha agape chosawerengera mangawa. Ndinaimirira n'kufotokoza, m'Chingelezi changa chothyokathyoka, kuti m'kamwa mwa bamboyo munadzaza chikondi cha Mulungu.

M'kalasi munati zii. Aphunzitsi anaika choko patebulo, anavula magalasi, kenaka anagwetsa chibwano, kukamwa yasa, maso tong'o. Anakhala choncho mpaka ana onse anafa nalo phwete.

"Ndi zimenezi basi," anatero. "Kuyasama. Nawenso tseka pakamwa, mulowa ntchentche."

Ndinadzigwira pakamwa. Zoonadi, ndinali nditayasama.

Mawu awiriwa ali ngati anthu ofanana nkhope koma a mfunda wosiyana. La paguwa lija ndi la Chigiriki. La m'kankhani lija ndi la Chingelezi, mwana wa liwu loti "gape", ndipo ine sindinadziwe kuti mwanayu ali ndi abale ambiri mpaka patapita zaka 15, nditapita kukaphunzira ku Leeds, kumpoto kwa England.

M'mawa wina wa Januwale ndinadzuka n'kupeza kunja kuli mbee. Sinowo uja tinkangomuona pa makadi a Khirisimasi anali atagwa usiku wonse ndipo ankagwabe, ngati thonje lothothoka. Ndinatuluka ndi masilipasi, chitenje m'chiuno, n'kuima pakati pa kabwalo nkhope ili kumwamba. Kuyerako kunali kwake, koma chimene chinandimanga miyendo ndi bata. Mvula ya kwathu imafika ndi ng'oma padenga la malata, mpaka mumasiya kucheza. Uyu ankatsika osamveka ngakhale pang'ono. Gogo amene ndinkachita lendi m'nyumba mwawo, mbadwa ya ku Yorkshire komweko, anatsegula zenera la kukhitchini n'kundikuwira kuti ndisiye "gawping", ndilowe ndisanadwale chibayo. Ananena mwachikondi, tiyi ali kale pamoto. Komabe liwulo linandilasa ndisanalidziwe tanthauzo. Kamvekedwe kake kokha kanandiuza kuti ndaoneka wopusa.

Usiku womwewo ndinatsegula dikishonale, liwu lina n'kumanditumiza kwa linzake. "Gawp", "gawk", "gape", "goggle", "ogle", "stare", "gaze", "rubberneck". Angelezi, anthu ochita manyazi kuyang'anana m'basi, ali ndi nkhokwe yodzaza ndi mawu a kuyang'anitsitsa modabwa. Ndipo pafupifupi onsewo ali ndi kachipongwe mkati.

"Gape" ndi mmodzi mwa agogo a banjali. Anabwera ndi anthu a ku Scandinavia, aja a Viking, amene analanda mzinda wa York m'chaka cha 866 n'kukhazikika kumpoto ndi kum'mawa kwa England. Mapazi awo akuonekabe. Misewu ya pakati pa Leeds imene ndinkayendamo popita kumsika, Briggate ndi Kirkgate, dzina lake silikunena za geti ayi. Ndi liwu lawo loti "gata", kutanthauza msewu. M'chilankhulo chawo "gapa" kunali kutsegula pakamwa kwambiri. Liwu loti "gap", mpata uja amakuchenjezani nawo potsika sitima ya pansi pa nthaka ku London, ndi la m'banja lomweli. M'nthano zawo za chilengedwe, dziko lisanakhalepo kunali chiphompho choyasama chotchedwa Ginnungagap. Ndimakonda kuganiza kuti kwa anthu amenewa chiyambi cha zonse chinali pakamwa potseguka. Ifenso liwu lathu limayambira pomwepo: kuyasama ndi kuyasamula n'zapachibale, munthu wodabwa ndi munthu wa tulo amasiyana kaphatikizo kamodzi.

Nanga n'chifukwa chiyani chodabwitsa chikalowera m'maso, chimene chimatseguka ndi pakamwa? Charles Darwin analimbana nalo funso limeneli. M'chaka cha 1867 anatumiza mafunso kwa amishonale, amalonda ndi ena okhala m'maiko akutali, ndipo funso loyamba pa mndandandawo linali loti aone ngati anthu a kumeneko akadabwa amatukula nsidze n'kutsegula maso ndi pakamwa. Mayankho anafanana, ndipo anawalemba m'buku lake la mu 1872 lonena za maonekedwe a nkhope za anthu ndi nyama. Iye ankati nsidze zimakwera kuti maso atseguke msanga n'kuona paliponse. Pakamwa pamatseguka kuti munthu apume mwakachetechete pamene akumvetsera, kuti akoke mpweya wambiri ngati pafunika kuthawa, komanso chifukwa maganizo onse akapita pa chinthu chimodzi, minofu ya chibwano imaiwalika n'kulekerera. Chomaliza ichi ndi chimene chimandigwira mtima. Munthu woyasama waiwala nkhope yake. Kwa kamphindi sakudzisamala, sakuganiza kuti akuoneka bwanji.

Ndipo apa m'pamene Chingelezi chimamugwirira. "Gawk" ndi kuyang'ana kwa mbuli, ndipo mwana wake "gawky" ndi mnyamata wotalika mofulumira amene sadziwa poika manja ndi miyendo. Ku Scotland kuli liwu lomveka pafupi nalo, "gowk", dzina la mbalame ija imaikira mazira m'chisa cha inzake, komanso dzina la chitsiru chimene mwachituma ulendo wabodza pa 1 Epulo. "Goggle" ndi kutong'ola maso ngati chule. Magalasi a owotcherera zitsulo ndi a osambira anatengera dzina pamenepo, ndipo wailesi ya kanema itafala m'nyumba za ku Britain anaipatsa dzina lonyoza loti "gogglebox", bokosi lotong'olera maso. Kuyambira 2013 Channel 4 ili ndi pulogalamu ya dzina lomwelo, imene anthu amakhala pampando n'kumaonera anzawo atakhala pampando akuonera kanema. Ngakhale liwu lenileni la uchitsiru, "stupid", linachokera ku liwu la Chilatini lotanthauza kuuma thupi ndi kudabwa. Wodabwa ndi wopusa anawaphika mumphika umodzi kalekale.

Ndinayamba kuona kuti m'mawu amenewa nthawi zonse mumakhala anthu awiri ndi chinthu chimodzi. Pali chinthu chodabwitsacho. Pali amene wadabwa. Ndiye pali wina waima chapatali, amene anachiona kale chinthucho mpaka kutopa nacho, ndipo maso ake ali pa wodabwayo. Liwulo limatuluka m'kamwa mwa ameneyu. Gogo anga a ku Leeds anali ataona sinowo zaka zoposa 70. Kwa iwo kunali kuterera pakhonde ndi bilu ya gasi. Chachilendo m'mawa umenewo chinali mayi wa chitenje woima pabwalo.

Kwathu sitili angelo pa nkhani imeneyi. Wotsika basi pa Wenela koyamba, mutu uli m'mwamba akuwerenga nyumba zosanja, timamunena kuti ndi wachimidzimidzi, ndipo akuba amamuzindikira ndi khosi lomwelo. Za ntchentche zolowa m'kamwa nawonso Angelezi amanena chimodzimodzi kwa ana awo. Komabe pali kusiyana kumene ndimakumva. Munthu wamkulu, ngakhale mfumu pabwalo, atha kunena kuti, "Nditaona zimenezo ndinangoti kakasi," ndipo palibe amene angamuchepetse. Timati maso anali dwii, kukamwa kunali yasa, ndinagwira pakamwa, ndinathedwa nzeru. Mawu athuwa amajambula thupi mmene linalili, ndipo mwini wake amadzijambula yekha mosachita manyazi, mwinanso monyadira kuti analipo, anadzionera. Mngelezi akanena kuti anachita "gawp" amakhala akudziseka, ngati wopepesa.

Liwu limodzi lokha m'banjali ndi limene linavala suti: "gaze". Limeneli amalisungira woyang'ana nyenyezi, woyang'ana nyanja dzuwa likulowa, mayi woyang'ana khanda lake, okondana. Koma tayang'anani nkhope ya munthu wochita "gaze" pa chithunzi m'nyumba yoonetsera zojambula, ndi ya munthu wochita "gawp" pa chikepe cha masitepe oyenda okha m'sitolo. Ndi nkhope imodzi. Chasintha ndi chinthu choyang'anidwacho, ngati anthu ophunzira anavomereza kuti n'choyenera kudabwa nacho, ndiponso nsapato za woyang'anayo. Plato analemba kuti nzeru zakuya zimayamba ndi kudabwa, ndipo m'buku lomwelo anasimba za Thales, katswiri amene ankayenda akuyang'ana nyenyezi mpaka anagwera m'chitsime, mtsikana wantchito n'kumuseka kuti akufuna za kumwamba pamene za kumapazi kwake sakuziona. Kwa ophunzira ake Thales ankachita "gaze". Kwa mtsikana uja, amene mwina ndiye ankatunga madzi pachitsimepo tsiku ndi tsiku, anali "gawk" wamba.

Mpaka apa ndinali kumbali ya oyasama, ndipo ndinkaona Chingelezi ngati chilankhulo chodzikuza. Liwu loti "rubberneck" ndi limene linandibweza.

Linabadwira ku America m'zaka za m'ma 1890, ndipo tanthauzo lake ndi khosi la mphira, lotamuka ndi kupindikira kulikonse. Kale ankanenera alendo okwera ngolo zoonetsa mzinda, makosi ali m'mwamba pakati pa nyumba zitalizitali za New York. Lero limanena za oyendetsa galimoto amene amachepetsa liwiro podutsa pamalo a ngozi kuti aone magazi. Ku Chicago owulutsa za pamsewu ali ndi dzina la mdipiti wa magalimoto wobwera chifukwa cha anthu otere, "gapers' block", chipingo cha oyasama. Ku England amafika pozika makatani m'mbali mwa msewu kuti odutsa asaone kanthu. Ku Germany, kumene oterewa amawatcha "Gaffer", mbale wake wa "gape" yemwe uja, kuyambira 2021 kujambula munthu womwalira pangozi ndi mlandu woti ukhoza kukhala nawo kundende mpaka zaka 2.

Msewu waukulu wochoka ku London kupita ku Leeds umatchedwa M1, ngati wathu womwe. Pa M1 wa kumeneko ndinaonapo ngozi ndili m'basi: tonse tinatembenuza makosi, basi inadutsa, aliyense anabwerera pafoni yake. Pa M1 wathu, chakufupi ndi Ntcheu, minibasi yathu inaima ndipo tonse tinatsika. Amayi awiri anang'amba zitenje n'kumanga mwendo wa mnyamata wina. Abambo anaimitsa lole kuti itenge ovulala. Koma ambirife tinangozungulira, maso dwii, kutsekereza mpweya, ndipo mafoni anali m'mwamba ngati pa ukwati. Mayi wina wovulala, bulauzi itang'ambika, ankayesa kudziphimba ndi dzanja limodzi lomwe linkagwira ntchito. Sankalira ndi ululu. Ankalimbana ndi maso athu. Zithunzi zotere zimafika pa WhatsApp abale asanauzidwe. Ine sindinajambule, koma sindinang'ambenso chitenje. Ndinaima pamenepo ndi khosi langa la mphira, ngati sindinamvepo kuti chaona mnzako chapita.

Nyenyezi sizimva kanthu ukaziyang'ana. Munthu amamva. Liwu loti "stare" lili pachibale ndi liwu la Chijeremani lotanthauza kuuma gwa, ndipo amene anayang'anidwapo chotero amadziwa kuti kuumako kumasamukira kwa iye. Ndinakwerapo basi yopita m'midzi ya kumapiri a Yorkshire, munthu wakuda ndekha, ndipo ndinayamba kuiwala mmene ndimakhalira pampando, mmene ndimagwirira chikwama. Ndinakumbuka tili ana tikuthamangira galimoto ya amishonale tikukuwa kuti "Azungu! Azungu!", n'kuwazungulira akamadya, kuwerenga nthongo iliyonse. Ife tinkaona ngati chisangalalo.

Mu Baibulo la Chingelezi la 1611, lija la King James, muli liwu limene linatha ntchito koma n'lolemera: "gazingstock", munthu wosandutsidwa choonetsa. Sarah Baartman, mayi wa mtundu wa Khoikhoi wa ku South Africa, anamutengera ku London mu 1810 n'kumamuonetsa ku Piccadilly, anthu akulipira kuti adzayang'ane thupi lake. Anamwalira ku Paris mu 1815, koma maso sanamuleke: mafupa ake ndi chifanizo cha thupi lake anaziika poonekera ku Musée de l'Homme mpaka m'zaka za m'ma 1970. Anabwerera kwawo mu 2002 n'kuikidwa m'manda ku Hankey pa 9 Ogasiti. Amene ankalipira pakhomo paja ankadzitcha ofuna kudziwa, ena ankadzitcha asayansi. Chingelezi chikamanyoza woyang'anitsitsa, mwina chikukumbukira zimene eni ake anachita. Liwu loti "ogle", kuyang'ana mkazi ngati nyama ya pambale, silifuna ngakhale kulifotokoza. Mtsikana aliyense wodutsa pa siteji ya minibasi amalidziwa asanaliphunzire.

Mankhwala amene Angelezi anapeza ndi kuthawitsa maso. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Erving Goffman, m'buku lake la mu 1963, anachitcha "civil inattention": umamuyang'ana mlendo kamphindi kuti adziwe kuti wamuona, kenaka umatsitsa maso ngati dalaivala wochepetsa magetsi pokumana ndi mnzake usiku. M'sitima za ku London anthu 50 amathinana mapewa, aliyense akuwerenga chikwangwani cha malonda pamwamba pa mutu wa mnzake. Mankhwala athu ndi ena. Kwathu ukayang'ana munthu, umupatse moni. Mwana akayang'anitsitsa mlendo sitimangoti asiye, timati, "Iwe, sukuwaona alendo? Apatse moni." Moni amabweza umunthu kwa woyang'anidwayo, chifukwa tsopano naye ali ndi pakamwa, akhoza kuyankha, akhoza kukufunsa za kwanu. Mwana wina wa m'basi ija ya ku Yorkshire amene anandiyang'ana mtunda wonse, mayi ake akumukoka khutu, ndinamugwedezera dzanja n'kumufunsa dzina. Anandifunsa ngati kwathu kuli mikango. Tinacheza mpaka potsikira, mayi ake ali psuu ndi manyazi.

Komabe zaka za kumeneko zinandiphunzitsa kutseka pakamwa, ndipo ndinakhoza bwino phunzirolo kuposa mmene ndinkadziwira.

Bambo anga anabwera ku mwambo wolandira digiri. Ndi kalipentala, akhoma madenga a masukulu ndi matchalitchi m'dera lathu kwa zaka 40, ndipo aka kanali koyamba kukwera ndege. Tsiku lotsatira ndinawatenga pa sitima kupita ku York, ulendo wosakwana ola, kuti akaone tchalitchi chachikulu cha York Minster. Titangotsika sitima, iwo anaima. Anaika chikwama pansi, anavula chipewa, anagoneka mutu chagada. Siteshoni ya York inatsegulidwa mu 1877, ndipo denga lake la zitsulo ndi magalasi, lotalika mamita oposa 200, limapindika motsatira kukhota kwa njanji. Bambo anali kukamwa yasa. Anthu okoka masutikesi ankawalambalala. Anyamata awiri anadutsa, wina n'kuwatsanzira, mnzake n'kuseka. Liwu la gogo anga lija linandibwerera m'khutu.

Ndinawakoka jekete. "Bambo, tiyeni. Anthu akutiyang'ana."

Anandiyang'ana, anavala chipewa, ananyamula chikwama. Sananene kanthu.

Mu Minster aliyense anali mutu chagada. Azungu a makamera, ana a sukulu, amayi okalamba, onse pakamwa potsegula pansi pa zenera lalikulu la kum'mawa, limene John Thornton wa ku Coventry analipanga kuyambira 1405 mpaka 1408, lalikulu ngati bwalo la tenesi. Muno kuyasama kunali kololedwa, tinachita kulipira pakhomo. Ndinawanong'oneza Bambo kuti ayang'ane mmene angafunire. Anayang'ana ndithu, anayamikira, anapemphera pang'ono pabenchi. Koma ndinaona kuti mtima wawo suli pamenepo.

Madzulo titabwerera ku siteshoni anandifunsa, "Naphiri, sitima yathu ndi ya nthawi yanji?"

"Kwatsala mphindi 40, Bambo."

"Ndiye undisiye ndimalize denga lija. Unandidula ndili pakati."

Anaikanso chikwama pansi, pamalo omwe aja. Ndinaima pambali pawo, maso anga ali kwa anthu odutsa. Patapita kanthawi anandigwira mkono n'kuloza ndi chipewa.

"Taona. Denga lowongoka aliyense akhoza kukhoma, ukadula mtanda umodzi ena onse umangotengera pomwepo. Koma ili likukhota. Ndiye kuti mbali iyi mipata ya nthiti zakezi ndi yopanikizana, mbali iyo ndi yotakasuka, koma ukayang'ana zikuoneka ngati zofanana. Munthu ameneyu anayeza bwanji? Analibe makina a masiku anowa." Anakhala chete, milomo ikuwerenga. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwanawe. Tayambira pa mzati uwo, undiwerengere mbali yakoyo. Maso angawa akulephera kufika kumapeto."

Ndinaika chikwama changa pafupi ndi chawo n'kukweza mutu. Ndinasokoneza pa 17, nkhunda itauluka pakati pa zitsulo, ndipo Bambo anati ndiyambirenso.